Romanse ya a Inasiyo

Selestina mwana wanga,

Ndikulemba masana ano iwe uli ku Ulongwe kotsanzika anzako. Ndakhala pa thumba la kachewere pakhonde, kamphepo ka kuno kakundiumitsa zala, ndipo abambo ako abwera kale kudzasuzumira n'kufunsa ngati ndikulembera boma. Malangizo a ku Beira, kumene ukupita mawa kukaphunzira, ena anakupatsa kale. Azakhali ako anakuuza za anyamata, abambo ako anakuuza za akuba a m'shapa, maminibasi athu aja, akomadre Rozaliya, amene anakuimira pa ubatizo, anakuuza kuti usamajombe ku Misa. Zonsezo n'zoona, uzisunge. Anga ine ndi a mabuku, chifukwa pamudzi pano palibenso wina amene angakuuze zimenezi osayamba waseka.

Ndiyambe ndi chimene chandikhazika pansi. Lamulungu lapitali unali chigonere pamphasa ukuwerenga buku la Chipwitikizi, n'kumaseka wekha mpaka kugwira m'mimba. Ndinakufunsa kuti, "Chikukuseketsa n'chiyani?" Unayankha osadzutsa mutu, "Palibe, amayi. Simungamve." Sunanene mwachipongwe, ndikudziwa. Koma ndikuuze mosabisa kuti mawu amenewo anandipweteka, ndipo mpaka lero sanachoke pamtima. Kuyambira uli kamwana, iwe ndi ine takhala tikuuzana zimene tikuwerenga. Ine ndinkakuwerengera timabuku ta Chinyanja togula ku Dedza, iwe utakula unayamba kundimasulira a Chipwitikizi tikusankha nyemba. Tsopano ukupita kumene mabuku ndi osawerengeka, ndipo ndili ndi mantha kuti ukamadzabwera pa feriya sukulu ikatsekera uzidzangonditengera shuga ndi nsalu, za m'mabuku n'kumasungira ophunzira anzako. Mantha anga ndi amenewo, a anyamata ndawasiyira azakhali ako.

Nkhani ya a Inasiyo sunaimvepo yonse, ndiye imva lero. Ukudziwa kuti ine sukulu ndinaphunzira ku Malawi, zaka zimene tinathawa nkhondo. Kumeneko atsikana akuluakulu a m'kalasi mwathu anali ndi timabuku ta Chingerezi tobisa m'malaya, tojambulidwa anthu opsompsonana pachikuto. Ankatitcha maromansi. Aphunzitsi akakugwira nako kamodzi, tsiku limenelo unkaswera ukukumba dzenje la zinyalala. Choncho nkhondo itatha ndinabwerera kuno ndikudziwa chinthu chimodzi motsimikiza, kuti romansi ndi buku la zakuchipinda, losayenera mkazi wodzilemekeza.

Ndiye tsiku lina tikutuluka m'tchalitchi ku Fonte Boa, ine ndili wongokwatiwa kumene, iwe uli m'mimba. A Inasiyo, aprofesori a pasukulu ya mishoni, amene akazi awo anali atamwalira chaka chathacho, anaona kabuku ka nthano kakusuzumira pansi pa buku langa la nyimbo. Anaimika njinga.

"Kani mumawerenga, mayi?"

"Pang'onopang'ono, aprofesori."

"Ndiye mudzafike kwathu. Ndili ndi romanse yokoma kwabasi. Mukangoiyamba simugona."

Selestina! Bambo wamkulu, wovala jekete, pakhomo pa tchalitchi penipeni! Ndinawayang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu n'kunena kuti, "Ndine mkazi wa mwini, aprofesori. Romansi yanuyo mukapatse ena." Ndinatembenuka ndi chimimba changa n'kumapita, iwo anatsala atagwira njinga, kukamwa kuli yasa. Abambo ako sindinawauze, poopa kuti angatenge nkhwangwa. Kuyambira pamenepo ndikaona njinga yawo ikubwera ndinkapatukira m'munda wa eni, ngakhale kukhale mame.

Ndinawazemba choncho mpaka iwe unafika kusekondale. Ukukumbukira tsiku lija unabwera ndi buku n'kunena kuti aprofesori atipatsa romanse tikawerenge kunyumba? Ndinakulanda msangamsanga n'kukulamula kuti ukhale pansi undimasulire liwu ndi liwu kuti ndimve zimene akukuphunzitsani. Iwe unadabwa koma unamvera. Inali nkhani ya bambo wina wosaka ng'ombe zake zosochera nthawi ya chilala. Ndinatchera khutu masiku onse amene unkandimasulira, kudikira pamene apsompsonane. Mpaka tsamba lomaliza palibe, ngakhale ng'ombe zomwe sizinanyambitane. Nditakufunsa, unati, "Amayi, m'Chipwitikizi romanse ndi buku lililonse la nkhani yaitali. Ingakhale ya nkhondo, ingakhale ya ng'ombe." Unapitiriza kutsuka mbale osadziwa kuti wandigwetsa m'manyazi a zaka zonse zija.

M'mawa mwake ndinasenza beseni la kachewere kupita kwa a Inasiyo. Nditafotokoza, anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili chuchuchu. Anati, "Ine ndinkayesa kuti mwina tsiku lija ndinanunkha m'kamwa." Kenaka anandilowetsa m'nyumba. Mwana wanga, khoma lonse mabuku, kuyambira pansi mpaka kudenga, a Chipwitikizi, a Chinyanja, ena a Chingerezi chimene ndinali ndisanaiwaliretu. Nyumba imeneyo ndinkaidutsa popita kuchigayo. Ndinaima pakati pa chipindacho ndili ndi chimwemwe komanso ndikudzikwiyira, osadziwa kuti ndiyambe chiti. Ndiye langizo loyamba ndi ili. Munthu akakutchulira buku, usathawe dzina lake, usathawenso nkhope ya wokuuzayo. Ufunse kuti, "Muli chiyani m'menemo?" Uzifunsa, Selestina. Ine ndinadzimana mabuku zaka zambiri chifukwa cha liwu limodzi limene sindinafunse, ndiye iwe usandimanenso ena poganiza kuti sindingamve.

Nkhani ina ndi ya mayi wa ku Lifidzi. Ukudziwa kuti mabuku athu kuno ambiri alibe zikuto. Chikuto chimathothoka buku lisanayende nyumba zingati, tsamba la dzina limapita kokulungira fodya, ndiye timangowatcha tokha mayina. Lija lonunkha parafini. Lija la mwana wamasiye. Lija limene mbuzi inadya pakona. Tsiku lina ndili pamwamba pa lole popita ku Domwe kukagulitsa kachewere, nditakhala pa matumba ndikuwerenga, mayi wina amene sindinkamudziwa anandigwira pabondo.

"Pepani amayi, limenelo si lija la mkazi wa telala?"

"Ndi lomwelo."

"Koma mkazi ameneyo ndi mfiti! Kusiya ana n'kuthawa ndi wogula fodya?"

"Sanathawe ndi munthu," ndinatero ine. "Anapita kukasaka mankhwala a mwamuna wake. Mwawerenga bwino inu?"

"Ndinawerenga kawiri konse. Kapena inu ndi amene mumawerenga mukusinza."

Tinakangana, mwanawe. Anthu a m'lolemo anagawikana, ena kwa ine ena kwa iye, chonsecho palibe amene analiwerengapo. Mkulu wina anaweruza kuti akazi a atelala onse ndi ovuta. Mayi uja anapitirira pamene amayenera kutsikira, ine ndinaiwala kuyang'anira matumba anga. Titafika pamsika ndinamuponyera bukulo pamiyendo kuti andisonyeze pamene mkaziyo akuthawa. Anatsegula, anatembenuza masamba, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Telala wanga si ameneyu." Anali mabuku awiri osiyana, lililonse ndi telala wake ndi mkazi wake. Tinaseka mpaka kukhala pansi m'fumbi. Tsiku la msika lotsatira anandibweretsera lake, ine n'kumupatsa langa, ndipo ndinapeza kuti mkazi wa telala wake analidi mfiti. Mayi ameneyo ndi a Nambewe aja amene amatumiza timapukusi ta mabuku kudzera kwa woyendetsa shapa mpaka lero.

Ndiye kumeneko ukaona munthu wagwira buku, usachite manyazi kumuyamba. Ngati mukangane, kanganani, mkangano wa buku sutupitsa diso. Koma usachite ngati mayi ako, kuyamba kukuwa usanaone ngati mukunena chinthu chimodzi. Ndipo uzindiuza za anthu amenewo. Ndikufuna kudziwa kuti mwana wa ku Nampula amaseka malo omwewo amene iwe umaseka kapena ayi. Ndikufuna kudziwa ngati ana a m'tauni amamvera chisoni munthu wa m'buku amene ng'ombe zake zasochera, kapena amangoona ngati nkhani ya nyama.

Pali zinanso zimene zikundizunguza mutu. Unandiuza kuti kusukulu kwanuko kuli nyumba ya mabuku okhaokha imene mumati bibliyoteka, ndipo akuti m'menemo saloleza kuyankhula. Nanga munthu amadziwa bwanji buku lokoma ngati onse ali duu? Amanong'onezana? Amatsinana? Kuno ndikatenga buku ndimadziwa amene analigwira ndisanafunse. Likamanunkha fodya ladutsa kwa a Inasiyo. Likakhala ndi madontho a mafuta ophikira lachokera kwa akomadre, ndipo tsamba limene lada kwambiri ndi pamene anawerenga mobwereza. Kodi a m'bibliyoteka amanunkha chiyani? Nanga aja mumawerenga pa foni, munthu amabwereketsa bwanji mnzake, osatsala wopanda foni? Usaseke, ndikufunsa zenizeni. Ukaone bwinobwino zonsezi udzandifotokozere, usaiwale.

Ya akomadre Rozaliya unaionera wekha, koma unali wamng'ono. Ndinawerenga buku lina la mtsikana amene analeredwa ndi azakhali ake osadziwa kuti ndiwo mayi ake omubereka. Linandigwira mtima moti ndinapsereza ndiwo. Nditalimaliza ndinathamangira kwa akomadre, ndinawapeza akupalira nyemba kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kuwasimbira ndisanawapatse n'komwe moni. Ndinasimba kuyambira kubadwa kwa mtsikanayo, ukwati wake, mpaka pamene azakhaliwo akuulula ali pamphasa ya imfa. Ndinachita kusintha mawu, apa wa mtsikana, apa wa azakhali. Nditatha ndinawapatsira bukulo. Akomadre anatsamira khasu n'kundiyang'ana.

"Ndilitani tsopano, komadre?"

"Muliwerenge."

"Mwatafuna kale inu, mukufuna ine ndimeze? Kalipatseni amene sanakumveni."

Sanaliwerenge mpaka lero, ndipo amandikumbutsa nthawi iliyonse ndikatsegula pakamwa. Ndikangoti, "Komadre, pali buku lina," amatseka makutu ndi manja n'kumaimba nyimbo ya kukwaya. Choncho ukamauza mnzako za buku, umuperekeze mpaka pakhomo pokha, m'nyumba alowe yekha. Umuuze za munthu mmodzi wa m'menemo ndi vuto lake, basi, kenaka utseke pakamwa ngakhale lilime likuyabwa. Akabwera n'kunena kuti silinamukomere, usakwiye ngati wanyoza mwana wako. Umufunse kuti limene linamukomera ndi liti, upite ukaliwerenge. Ine buku limene ndimalikonda kuposa onse anandipatsa ndi munthu amene ananyoza limene ndinkalikonda poyamba.

Koma lamulo limeneli silikundikhudza ine, umvetse bwino. Mabuku a ku Beira ambiri sindidzawagwira ndi manja anga. Ndiye kwa ine uzitafuna ndithu, ndizimeza mosadandaula. Uzindisimbira mpaka kumapeto, amene wafa, amene wakwatiwa, amene anaba mbuzi. Ngakhale likhale buku la maphunziro ako a zamankhwala, la mafupa ndi mitsempha, uzindiuza chimodzi chimene chakudabwitsa. Kodi n'zoona kuti khanda lili ndi mafupa ambiri kuposa munthu wamkulu? Ndinamva pa wailesi, ndipo chimvereni ndimangodzifunsa kuti enawo amapita kuti.

Dzulo polongedza mala yako ya zovala ndinakuona ukutulutsa timabuku ta Chinyanja tija n'kutiika pawindo. Unatiikamo, unatitulutsa, unatiikamonso, n'kutitulutsanso. Ndikuganiza kuti ukuopa kuti anzako a m'chipinda akakuseka, mtsikana wa ku Angoniya wobwera ndi mabuku opanda zikuto onunkha utsi. Mwina akasekadi, sindikuwadziwa. Koma imva zimene zinandichitikira. Pali buku limene ndinachokera nalo ku Malawi, mphatso ya aphunzitsi anga, lokhalo limene linali ndi chikuto chake chonse. Ndinkalikonda moti sindinkafuna kuti munthu aligwire. A Nambewe anapempha ndinakana, akomadre anapempha ndinanama kuti linatayika. Ndinalikulunga m'nsalu n'kuliika pansi pa thumba kuchipinda. Mvula itatha ndinapita kukalitenga, ndinapeza chiswe chamanga nyumba m'menemo. Chinasiya chikuto chokha chija ndinkanyadira. Ndinalira ngati pagwa maliro, ndipo chinandiwawa kwambiri n'chakuti panalibe ndi mmodzi yemwe woti ndikumbutsane naye nkhaniyo, popeza ndinaiwerenga ndekha. Tsopano theka lake ndinaiwala.

Timabuku tako sindinatibwezere m'mala, tili pawindo pomwepo. Ndiwe wamkulu, usankha wekha. Ndingoti kumene ukupitako sikungalephere kupezeka mwana wina wa ku Niasa kapena wa ku Milanje amene wakhala miyezi osamva chiyankhulo cha kwawo. Ameneyo akadzaona kabuku ka Chinyanja pabedi pako, sadzafunsa za chikuto. Ndipo amene akusekayo umuwerengere tsamba limodzi, umumasulire monga umachitira ndi ine. Akapitiriza kuseka musiye, si onse amene anabadwa ndi makutu.

Za kubwereketsa sindikuuza zambiri, unakulira m'menemo. Buku la mwini usaike pansi pa mphika, usapinde tsamba, ubweze asanachite kukutumira uthenga. Lako ukabwereketsa, uzidziwa kuti ena sabwerera, ndipo usadane ndi munthu chifukwa cha pepala. Pobweza usangoti zikomo n'kutembenuka. Unene ngakhale mawu awiri a zimene wapezamo, chifukwa wobwereketsa amadikira zimenezo kuposa bukulo. A Inasiyo maso awo ayamba kuchita mdima, kuwerenga kukuwavuta, koma ndikamabweza buku amandikhazika pampando n'kufunsa kuti, "Tandiuzani, mwamuona bwanji mkulu uja?" Amatseka maso n'kumamvetsera ngati nkhaniyo sakuidziwa. Mawa podutsa pakhomo pawo uwatsanzike, anafunsa za iwe.

Abambo ako abweranso kudzaona. Akuti pepala lonseli ndikanangokuuza pakamwa. Sakudziwa kuti pakamwa ndikanayamba kulira ndisanafike pakati, iwe n'kuyamba kundiseka, n'kuthera pomwepo. Iwo mabuku sawerenga, umawadziwa, koma ukamaimba foni uziwauzako za nyanja ndi zombo. Amanamizira kuti alibe nazo ntchito, chonsecho dzana amafunsa a Inasiyo ngati n'zoona kuti madzi a kumeneko sungathirire mbewu.

Pomaliza ndikuuze zimene ndachita osakupempha. Pa mabuku a Chipwitikizi amene ukusiya pansi pa bedi ndatengapo limodzi, lofiira lonenepa lija. Ndaganiza zoti ndiliwerenge ndekha, popanda wondimasulira. Chipwitikizi changa ndi cha pamsika, chotsutsira mtengo ndi kulonjera apolisi a pamsewu, koma ndati ndiyese, kuti ukamadzandisimbira zako nanenso ndizikhala ndi changa chokusimbira. Ndinayamba m'mawa uno utangochoka. Ndikuyenda ngati nkhalamba yokwera phiri la Domwe, chala pa liwu lililonse, milomo ikugwedera. Ndamva kuti muli mayi wogulitsa nsomba, ndamva kuti mwamuna wake ali m'ndende, ndipo pena ndinaseka ndekha mpaka nkhuku zinathawa.

Koma pali mmodzi amene wandiimitsa. Dzina lake ndi Entretanto. Amatulukira kumayambiriro kwa mzere ndi chilembo chachikulu ngati munthu wolemekezeka, koma sayankhula, sadya, palibe amene amamupatsa moni. Ukatembenuza tsamba, uyo wabweranso. Akomadre akuti ayenera kuti ndi malume ake a mwamuna wa m'ndendeyo. Ine ndayamba kukayika kuti mwina si munthu n'komwe, mwina ndi kaliwu chabe ngati "tsono" wathuyu. A Inasiyo angandiuze ndisanamalize kufunsa, ndipo kwawo si kutali. Sindipitako. Ndikufuna ndimve kwa iwe. Ukakafika, ukangoika mala pansi n'kumwa madzi, undiimbire undiuze kuti ameneyu ndani. Ndaikapo kaudzu pa tsambalo, ndipo sindipitirira mpaka foni ilire.

Uyende bwino, mwana wanga. Udzavale juzi m'mawa, kutentha kukakupeza kutsogolo.

Ndine mayi ako,
Matilida